Mudzi wa pa Reji

Chaka cha 1996, mnyamata wa mu Livingstone sankatuluka m'nyumba wopanda zinthu ziwiri m'thumba: chipeso ndi reji. Chipeso chinali cha atsikana. Reji, kachiphaso kobiriwira kosonyeza kuti munthu ndi mzika ya Zambia, inali ya a imigireshoni, amene chaka chimenecho anali atayamba kusesa tauni ndi lole yawo. Ukapezeka ulibe unkakwera lole, ndipo ukalephera kutchula mudzi wa kwanu unkakatsikira kuboda. Titus Kampanje anali nazo zonse ziwiri, koma chimene ankachitulutsa mopanda mantha chinali chipeso chokha.

Lachitatu masana anakhala pakhonde la sitolo ina mu Mosi-oa-Tunya Road, njinga atayedzeka pachipilala, kamera ili pakhosi, akudikira Mazuba Mwiinga. Titus anali wojambula zithunzi, ndipo awiriwa anadziwana pamene Mazuba anabwera kudzajambulitsa kachithunzi kamodzi kokha. Kachithunziko kanatenga miyezi itatu kuti katuluke bwino. Lero akuti maso anatsinzina, mawa akuti dzuwa linalowa, mpaka mtsikana anazindikira yekha kuti wodwala si kamera ayi.

Mazuba anatulukira kuchokera ku saluni kumene ankaluka tsitsi, akuyenda ngati msewu wonsewo anamusiyira malemu bambo ake. Analanda botolo la Fanta m'manja mwa Titus n'kumwa theka asanapereke n'komwe moni.

"Ba mami bavomela," anatero akupukuta pakamwa. "Bakamba ati ubwele pa Sande tikachoka ku chechi. Ubwele na batate bako, na mbale zako, na reji."

"Reji? Nibwela kukwatila olo nibwela kuvota?"

"Usaseke iwe. Bakamba ati mwamuna alibe malume, alibe azakhali, alibe olo mbuya umodzi, ni munthu uyo olo ni bowa wamene unamela chabe na mvula?"

Titus anaseka, koma kusekako sikunapite patali, chifukwa nthawi yomweyo lole ija inadutsa pang'onopang'ono. Kumbuyo kwake kunali anthu ngati khumi, ndipo pakati pawo anazindikira wometa wa ku Zaire wa pamsika wa Maramba, amene anamumeta Loweruka lapitalo. Munthuyo anali adakavala epuloni yake, sizasi ili m'thumba. Anakweza dzanja. Titus naye anakweza lake kufika pakhutu, kenaka n'kunamizira kukanda m'mutu.

Pambuyo pa lole panali njinga yamoto, ndipo njingayo inaima pomwe iwo anali. Wotsikapo anali Akapelwa, ofisala wachinyamata wa imigireshoni, wa yunifomu yositidwa mpaka kuthwa, amenenso ankatsogolera kwaya kutchalitchi cha mayi ake a Mazuba. Mkuluyu anafunsira Mazuba kawiri, anakanidwa kawiri, ndiye anasintha njira n'kuyamba kufunsira mayi ake. Sabata iliyonse ankawatengera majarini ndi buledi wa ku Zimbabwe.

"Ba Mazuba, mwawama lelo," anatero. Kenaka anatembenuka ngati wangomuona kumene Titus. "Aa, ba kamera! Ba mudala bali bwanji? Nenze pa shopu yabo dzulo, kupeleka thilauzi. Bakamba Chinyanja cha bwino maningi, monga cha mu Baibulo."

"Ni cha ku Chipata," anayankha Titus.

"Chipata," Akapelwa anagwedeza mutu akumwetulira. "Ili pafupi maningi na boda, ka?"

"Na Livingstone ili pafupi na boda," anatero Mazuba. "Yendani, lole yanu yakusiyani."

* * *

Choonadi chake chinali ichi. Bambo Kampanje, telala wa pamsika wa Maramba, Chipata ankangoidziwa podutsa. Kwawo kunali ku Ntcheu, ku Malawi, ndipo anabwera ku Livingstone mu 1961 kudzagwira ntchito kunjanji. Mkazi wawo, Nangozo, anabwerera kumudzi kukachira mu 1969, choncho Titus anabadwira ku Ntcheu n'kulowa mu Zambia ali kumsana, wa miyezi itatu. Nangozo anamwalira Titus ali ndi zaka khumi, ndipo anaikidwa konkuno. Za mapepala bambo Kampanje ankangoti mawa, mawa, mpaka mawalo linakwana zaka makumi atatu ndi zisanu.

Titus atakwana zaka zotengera reji, panafunika wachibale wokalumbira kuti mwanayu ndi wa m'dziko muno. Mnzawo wa bambo Kampanje wa kunjanji, Mtonga wina wokonda nthabwala dzina lake Wilbroad Choongo, anangovala jekete n'kukanena kuti ndi mwana wa mlongo wake. Anapereka mudzi wake womwe, Siakalumba, ndipo ndi umene unalembedwa pa reji. Titus ankautchula mudziwo pa rodibuloko iliyonse mosaphethira, koma ngakhale njira yake sankaidziwa. A Wilbroad atapuma pantchito anachoka m'tauni, osaonekanso.

Madzulo a tsikulo Titus anawapeza bambo ake pakhonde akutunga singano, ndipo anawauza zonse.

"Nanga vuto lili pati, mwana wanga?" anafunsa mkuluyo. "Reji yako ndi yobiriwira ngati ya nduna."

"Yanga si vuto. Vuto ni imwe, ba tate. Mukatsegula chabe pakamwa, Ntcheu yonse ichoka, na mbatata zake."

"Ndiye ndikakhala chete ngati mkamwini. Chilichonse akandifunse, ndikangoti 'eya' basi."

"Eya chabe?"

"Eya."

Anaseka onse awiri. Koma kenaka bambo Kampanje anabaya singano pakolala n'kuyang'ana kumsewu nthawi yaitali.

"Titus, iwe kwatira. Mtsikana uja ndamuona, ali ndi pakamwa koma ndi munthu. Chokhacho, usandikweretse lole. Ku Ntcheu andidziwa ndani lero? Ndikakakhala mlendo kuposa kuno. Nanga manda a mayi ako adzalambula ndani?"

 Titus ankamukonda Mazuba mopweteka, ndipo ankawakondanso bambo akewo, koma mpaka tsikulo anali asanaganizepo kuti zikondi ziwirizi zingadzalimbirane mpando umodzi.

* * *

Masiku awiri Titus sanaoneke ku saluni. Lachisanu m'mawa anapeza envulopu ya zithunzi itapanikizidwa pakaliyala ya njinga yake. M'kati munalibe chithunzi, munali kapepala kolembedwa mokanikiza mpaka bolopeni kuboola:

"Titus, ngati uli na mukazi ku Chipata, kamba. Ngati uli na mwana, kamba. Ngati wafa, tuma munthu aniuze, nisaononge sopo kuchapa diresi ya pa Sande. M."

Anakumana masana omwewo pansi pa mitengo ya mango kuseri kwa msika. Mazuba anafika nkhope ili gwa, manja atapinda pachifuwa.

"Ni ndani? Ni uja Chisha wa ku bala, wamene unajambula katatu?"

"Chisha ananilipila, iwe."

"Na ine ninakulipila, ona manje kwamene tafika. Kamba!"

Titus anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. Anamuuza za Ntcheu, za kumsana, za mnzawo wa bambo ake amene anakalumbira bodza. Anamuuza kuti Akapelwa akangoitulukira nkhaniyi, iye ndi bambo ake adzakwera lole, ndipo ukwati udzathera pa boda.

Mazuba anamuyang'ana kanthawi, kenaka anaphulika kuseka mpaka kugwira mtengo.

"Malawi chabe? Ine sininagone masiku yabili, niganiza mukazi wa matako so, kansi ni Malawi chabe!"

"Si voseka, Mazuba. Bangatipishe zoona."

Kuseka kunatha. Mazuba anamugwira dzanja, zimene sankachita masana anthu akuona.

"Mvela. Ine sinikwatiwa na reji, nikwatiwa na iwe. Koma ba mami bafuna pepala, so tibapatse pepala. Reji siikamba. Uike pa tebulo, utseke pakamwa, batate bako nabo batseke pakamwa. Ba malume babwela kuchoka ku Simonga, koma ni munthu wa bwino, bakonda chabe kuseka na tiyi ya shuga maningi. Pa Sande madzulo ninshi vasila."

Mazuba akanangoti, "Tione rejiyo," nkhani ino ikanathera pansi pa mango pomwepo. Koma mwana wobadwira m'tauni dzina la mudzi wa makolo amalimva ngati dzina la mankhwala, ndipo mwana waulemu satchula dzina la malume ake. Choncho palibe anafunsa mnzake kanthu. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Titus anabwerera kunyumba akuimba mluzu, n'kukawauza bambo ake kuti asite suti.

* * *

Lamlungu Titus ndi bambo ake anafika ku Dambwa, kunyumba kwa mayi Florida, mayi ake a Mazuba, atanyamula mbale ziwiri zovundikirana zokulungidwa m'nsalu yoyera, monga mmene ofunsira mbeta amachitira. Chinthu choyamba chimene Titus anaona pabwalo chinali njinga yamoto.

"Ba Akapelwa batithandiza kutenga ba malume ku Simonga," anatero mayi Florida powalandira. Anali mayi wamkulu thupi, wa mawu omveka nyumba zitatu. "Nabapempha batitsegulile na pemphelo."

Akapelwa anapemphera pemphero lalitali, lopempha Mulungu kuti aulule zonse zobisika. Atati ameni sanatuluke. Anakhala pampando wa pakona, chipewa pabondo. Mazuba anali kukhitchini, kuseri kwa katani, ndipo zala za kumapazi kwake zinkaonekera pansi pa kataniyo.

Kenaka m'chipinda munatuluka amalume, akumanga mabatani a jekete. Tsitsi linali litayera, mimba itakula, koma Titus anawazindikira nthawi yomweyo. Anali a Wilbroad Choongo. A Wilbroad anayang'ana bambo Kampanje, bambo Kampanje anayang'ana a Wilbroad, ndipo amuna awiri amene anadyera m'mbale imodzi zaka makumi awiri anapatsana moni ngati akumana pa sitejini ya basi. Wina anayamba kuchita chidwi ndi denga, wina ndi nsapato zake.

"Mbale ziyembekeze," anatero mayi Florida. "Masiku yano munthu ukwatilitsa mwana pa Satade, pa Mande mwamuna bamukweza lole. Reji poyamba."

Titus anaitulutsa. Mayiwo anavala magalasi, anayang'ana chithunzi, anayang'ana mwini wake, n'kuyamba kuwerenga milomo ikugwedera. Mwadzidzidzi milomo inaima.

"Siakalumba?"

"Ee, mami."

"Siakalumba iti?"

Titus sankadziwa kuti ziliko zingati. "Yamene iyo," anatero.

"Uyu ni munzi wathu! Ninabadwila kwamene uko, nkhombo yanga ili kwamene uko!" Anatembenukira kwa mlongo wawo. "Ba Wilbroad, onani. Kuli Kampanje ku Siakalumba? Kuchokela liti?"

Akapelwa anasendeza mpando wake, maso akuwala ngati mphaka wamva fungo la kapenta. "Ni funso ya bwino," anatero mofatsa. "Reji siichoka popanda wa banja wolumbila. Dzina ya wolumbila inkhala mu faelo, tingaione mailo pa Mande. Ba malume, munzi ni wanu. Mumuziba uyu munyamata?"

A Wilbroad anatulutsa kansalu n'kupukuta pakhosi. Akati sakumudziwa, mnzawo ndi mwana wake akwera lole, ndipo faeloyo ikatsegulidwa mupezeka dzina lawo lomwe. Anatsokomola kawiri.

"Nimuziba. Ndine ninalumbila. Ni mwana wa mlongo wanga."

"Mlongo uti?" anafunsa mayi Florida. "Mlongo wanu ndine. Uyu ine sininamubale, ningakumbukile."

 Kunja nkhuku inalira ngati nayo ikudikira yankho.

"Wa Annette," anatero a Wilbroad, mawu ali pansi.

Annette anali mkulu wawo wa mayi Florida. Mu 1967 anathawa kumudzi ndi mwamuna wina wa kunjanji amene palibe anamuona nkhope, Florida ali kamtsikana ka zaka khumi ndi ziwiri. Patapita zaka kunangomveka kuti anamwalira, manda ake osadziwika. A Wilbroad, tsiku lolumbira lija, anasankha dzina lake poganiza kuti wakufa sakana mwana.

Mayi Florida anavula magalasi pang'onopang'ono. Anaimirira, anafika pamene panali Titus, anamugwira chibwano n'kumutembenuzira kuwindo. Anamuyang'ana mphuno, anamuyang'ana pachipumi, kenaka anamukoka khutu.

"Makutu ya ba Annette," ananong'ona. "Mayo ine! Makutu ya ba Annette yeka yeka!"

Analira, anaimba nthungululu, analiranso, uku atamupanikiza Titus pachifuwa mpaka tayi kupotoka. Kenaka anatembenukira mlongo wawo. "Zaka zonse izi munazibisa chifukwa chani?"

"Ba Annette bananiuza ati nisakambe," anatero a Wilbroad, amene tsopano bodza linkangowatuluka lokha. "Benze na nsoni."

Mayi Florida anatembenukira bambo Kampanje, manja m'chiuno.

"Kansi ndimwe wa kunjanji uja?"

Bambo Kampanje anayang'ana mwana wawo. Lonjezo ndi lonjezo. "Eya," anatero.

"Ndimwe munathawitsa mukulu wanga usiku monga nkhuku?"

"Eya."

"Munankhala pa Maramba apa, nipita pa shopu yanu na chitenge, osaniuza olo kamodzi? Mulibe nsoni?"

"Eya."

"Awe mwandi! Olo kukana sibakana!"

A Wilbroad anabisa nkhope m'kansalu kaja, mapewa akugwedera, ndipo sizinkadziwika ngati akulira kapena akuseka. Koma Akapelwa sankaseka. Anaimirira n'kufika pafupi ndi Titus.

"Nkhani ya bwino maningi," anatero. "Koma timveleko kwa mwine wake. Ba Titus, bamai banu ni bandani?"

Apa Titus anaona bwinobwino pamene anaima. Akati Annette, ndiye kuti iye ndi Mazuba ndi ana a munthu ndi mng'ono wake, a bere limodzi, ndipo kwa Atonga, amene amawerenga mtundu kuchikazi, amenewo ndi munthu ndi mlongo wake basi. Ukwati palibe. Akati Nangozo, ukwati ulipo, koma mkwati adzakhala ali pa lole. Anakumbuka mayi ake enieni, mmene ankamupaka mafuta kumaso asanapite kusukulu, ndi mawu awo aja akuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Anayang'ana pansi pa katani, zala za Mazuba zinali zitapindika. Anayang'ana bambo ake. Mkuluyo anali atapanikiza chipewa pamaondo ndi manja onse awiri.

"Ba Annette," anatero Titus.

Kukhitchini kunagwa thireyi ndi makapu ake onse.

"Ni chimwemwe," anatero mayi Florida akupukuta misozi. "Mwana wadabwa. Mulungu ni mukulu, pang'ono chabe sembe takwatilitsa munthu na mlongo wake!"

Akapelwa anagwedeza mutu ngati munthu amene wataya mbuzi n'kutola ng'ombe. Komabe anayesa kamodzi kena. "Nanga ba mudala, reji yanu ingaoneke?"

"Imwe ba Akapelwa!" anakalipa mayi Florida. "Mu nyumba yanga simufunsa mulamu wanga mapepala. Kukalipila uyu mudala ni nchito yanga, osati ya boma."

"Pepani, mami." Akapelwa anamwetulira n'kutambasulira Titus dzanja. "Mulamu," anatero mokweza. Kenaka anamukokera pafupi n'kumunong'oneza: "Ya ba mudala sininaione, ndipo niziba chifukwa chake. Koma wa mu banja yanga siningamukweze lole. Wa mu banja yanga, mwamvela?"

Titus anamva. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, koma mkhate wake unali Mazuba.

* * *

Mbale zija zinabwezedwa osavundukulidwa, ndipo bambo Kampanje anazikhazika pamiyendo ngati mwana wodwala. Nkhuku imene inalira panja ija inaphedwa. Mayi Florida anatuma uthenga kwa oyandikana nawo onse kuti abwere adzaone mwana wa Annette, ndipo aliyense wolowa ankavomereza kuti makutuwo ndi omwewo ndithu, ngakhale amene Annette sanamuonepo.

A Wilbroad anapeza mpata n'kukhala pafupi ndi Titus. "Mwana wanga, unikhululukile," ananong'ona. "Nenze nifuna chabe kukuthandiza."

"Mwanithandiza kabili manje, ba malume. Musanithandize futi."

Mayi Florida anabwera akupukuta manja pachitenje, nkhope ikuwala. "Manje vinthu vakhala bwino," anatero. "Banthu ba ba Akapelwa banapempha kudala kubwela, ine nenze nikokela chifukwa cha iwe. Nabauza babwele pa Satade. Ba malume bako makutu yayamba kuvuta, so iwe unkhale pafupi nabo. Ndiwe kalongosi wa Mazuba, mlongo wake mwamuna yeka. Mbale zabo uzavundukula ndiwe."



"Mazuba!" anaitana mayiwo. "Leta manzi, kalongosi wako asambe m'manja. Ugwade bwino!"

Katani inatseguka. Mazuba anatuluka atavala diresi ija anachapira Lamlunguli, beseni m'dzanja lina, jagi m'dzanja lina. Maso anali ofiira koma owuma. Anagwada pamaso pa Titus mwaulemu wonse, mpaka amayi oyandikana nawo kuyamikira kuleredwa kwake. Anayamba kuthira madzi pang'onopang'ono, mutu uli pansi, milomo isakuoneka n'komwe kuti ikuyenda.

"Niziba chifukwa chake wakamba so," ananong'ona. "Sinakalipe. Awe, nakalipa, koma niziba."

"Mazuba..."

"Khala zii, samba. Uli na masiku sikisi. Sakila njila. Ukakangiwa kuipeza, pa Satade ukagwila chabe mbale ya Akapelwa, ine nizaimilila pamenso pa bonse nikambe kuti bamai bako ni bandani. Tikwele lole tonse batatu. Ine Malawi sininaioneko."

"Ungachite zoona?"

"Unanionapo nikamba voseka na jagi mu manja?" Kenaka anakweza mawu kuti nyumba yonse imve: "Pukutani, ba kalongosi."

Anasendeza beseni kufika pamapazi a bambo Kampanje. Telala amamva ngakhale singano ikagwa pansi, ndipo mkuluyo anali atamva mawu onse. Mazuba anadziwa. Anawayang'ana m'maso, jagi ili m'mwamba.

"Mwamvela, ba tate?" anafunsa motsitsa.

Tsiku lonse mkuluyo anali atavomera kuba mkazi, kubisa mwana ndi kusowa manyazi, zonse ndi liwu limodzi. Apa pokha "eya" sanatuluke. Anangokumbatira mbale zija pachifuwa n'kuyang'ana madzi m'beseni.